Za Muyeso wa Mafunde a Foni, ndi Amene Amauyesa

Pa 12 September 2023, tsiku lomwelo limene kampani ya Apple inali kuonetsa dziko lonse foni yake yatsopano ku California, bungwe la boma la France loyang'anira mafunde a wailesi, lotchedwa ANFR, linatulutsa lamulo limene linadzidzimutsa amalonda ndi ogula omwe: linati iPhone 12, foni imene inali itagulitsidwa kwa zaka pafupifupi zitatu ndipo inali m'matumba a anthu miyandamiyanda, ileke kugulitsidwa m'dzikolo kufikira eni ake atakonza cholakwa chimene chinapezeka. Sikuti panali munthu amene anadwala, kapena amene anapsa dzanja. Mlandu wonse unagona pa nambala imodzi. Poiyesa foniyo itakhudza thupi, monga imakhalira m'dzanja kapena m'thumba la buluku, anapeza kuti minofu inali kumwa mphamvu ya mafunde yokwana mawati 5.74 pa kilogalamu, pamene lamulo la ku Ulaya silimalola kupitirira mawati 4 pa manja ndi miyendo. Patapita masabata owerengeka Apple inakonza pulogalamu yochepetsa mphamvu ya foniyo, oyesa anayesanso napeza 3.94, ndipo malonda anatsegulidwanso.

Mbiriyo itafika kuno kwathu, inafika itavala kale zovala zina, pakuti uthenga ukadutsa m'magulu khumi a WhatsApp sufika monga unachokera. Ena anati Azungu avomera tsopano kuti foni imapha, ena anati ndi nsanje chabe ya amalonda. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo munthu amene amagona ndi foni kumutu, nadzuka nayo, naipatsanso mwana kuti atonthole, ayenera kufunsa modekha kuti nambala imeneyi ikuyesa chiyani, anaiika ndani, ndiponso amaipeza bwanji. Ine ndikuona kuti chitetezo cha wogula sichili kwenikweni m'nambalayo, ngakhale ili ndi maziko ake, koma mwa munthu amene ali ndi ulamuliro ndi zida zoiyesanso foni itafika kale pamsika.

Foni yam'manja, tikaichotsera ulemerero wake wonse wa zithunzi ndi nyimbo, ndi wailesi yaing'ono imene imamva ndi kulankhula. Mawu a munthu imawasandutsa mafunde osaoneka ndi maso, amene amathamanga pa liwiro la kuwala kunka ku nsanja yapafupi, akugwedezeka kuyambira pafupifupi ka 700 miliyoni kufikira ka 3,500 miliyoni pa sekondi iliyonse m'mafoni ambiri a masiku ano. Mafunde amenewa ndi a fuko limodzi ndi kuwala kwa dzuwa ndiponso cheza cha X-ray chimene amaunikira nacho mafupa kuchipatala, koma nyonga zawo n'zosiyana kutalitali. Cheza cha X-ray chingathe kuthyola tizigawo ta m'maselo a thupi ndi kuwononga malangizo a chibadwa amene akatswiri amati DNA, n'chifukwa chake wojambula kuchipatala amabisala kuseri kwa khoma asanadine batani. Mafunde a wailesi alibe nyonga yothyola motero. Chimene iwo angathe, chimenenso palibe katswiri amene amachikana, ndicho kugwedeza madzi a m'minofu kufikira minofuyo itafunda.

Kufunda kumeneku anthu anakudziwa foni isanabadwe. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amisiri a makina a radar anaona kuti woima patsogolo pa mlongoti amamva kutentha, ndipo mu 1945 Percy Spencer wa kampani ya Raytheon, ataona kuti chokoleti chasungunuka m'thumba mwake ali pafupi ndi chipangizo chotulutsa mafundewo, anatsegula njira ya uvuni wa microwave, umene lero umafunditsa chakudya ndi mphamvu ya mawati 800 kapena kuposerapo. Asilikali anafuna kudziwa polekezera. Herman Schwan, katswiri wobadwira ku Germany amene ankaphunzitsa pa University of Pennsylvania, mu 1953 anawerengera kutentha kumene thupi lingathe kukutaya popanda kuvutika, nalangiza malire a mamiliwati 10 pa sentimita ya sikweya iliyonse, ndipo mu 1966 malirewo anakhala muyeso wovomerezeka ku America. A ku Soviet Union, amene ankakhulupirira kuti ngakhale mafunde ofooka angasokoneze mitsempha, anaikira antchito awo malire ochepa kuwirikiza ka 1,000. Kotero kusamvana kumene tikukumva lero, kwa iwo amene amati choopsa ndi kutentha kokha ndi iwo amene amati pali chinanso chobisika, ndi kwakale kuposa foni imene.

Nambala zimene zikulamulira mafoni athu zinachokera kwa makoswe ndi anyani. M'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, akatswiri a ku America anaphunzitsa nyamazi kudina kachitsulo kuti zilandire chakudya, ndipo zitazolowera ntchitoyo, anaziika m'mafunde a wailesi zili ndi njala, nawonjezera mphamvu pang'onopang'ono kuti aone pamene nyama yanjala idzaleke kufuna chakudya. Anapeza kuti thupi lonse likamamwa mawati 4 pa kilogalamu iliyonse, kutentha kwa m'kati kumakwera ndi digiri imodzi kapena chapomwepo, ndipo nyamayo imalefuka nileka ntchito. Pamenepo ndi pamene anazika chikhomo. Nambala 4 anaigawa ndi 10 napeza 0.4, malire a anthu ogwira ntchito pa milongoti, amene amadziwa chimene akuchita. Anaigawanso ndi 50 napeza 0.08, malire a anthu wamba, pamodzi ndi okalamba, odwala ndi makanda. Muyeso umenewu wa mphamvu imene kilogalamu ya thupi imamwa ndi umene amaufupikitsa ndi zilembo zitatu SAR.

Komatu foni siifunditsa thupi lonse mofanana. Mphamvu yake imaunjikana pamalo pang'ono, pakhutu ndi patsaya kapena pantchafu. Pamene Martin Cooper wa Motorola anaimba foni yoyamba yam'manja mumsewu wa ku New York mu April 1973, ndiponso pamene mafoni otero anayamba kugulitsidwa zaka khumi pambuyo pake, owagwiritsa ntchito anali olemera owerengeka ndipo panalibe wodera nkhawa. Zinthu zinatembenuka mu January 1993, pamene bambo wina wa ku Florida ananena pa kanema wa CNN kuti chotupa cha mu ubongo chimene chinapha mkazi wake chinadza chifukwa cha foni. Khoti linautaya mlandu wake posowa umboni, koma mantha anali atalowa kale m'nyumba za anthu. Mu 1996 bungwe la FCC la boma la America linalamula kuti foni iliyonse isapitirire mawati 1.6 pa kilogalamu, poyesa pa galamu imodzi ya mnofu imene yamwa mphamvu yambiri koposa. Ndipo nambalayo ndi 0.08 yomwe ija atayichulukitsa ka 20. Ku Ulaya anatsata bungwe la akatswiri la ICNIRP, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili pafupi ndi Munich. Malangizo ake a 1998, amene maiko a European Union anawalandira mu 1999, amalola mawati 2 pa kilogalamu pamutu ndi pathunthu, ndi mawati 4 pa manja ndi miyendo, poyesa pa magalamu 10.

Wowerenga asafulumire kunena kuti 1.6 ndi 2 zangosiyana pang'ono, pakuti kusiyana kwenikweni kuli m'magalamuwo. Galamu imodzi ya mnofu ndi kanthuli ka sentimita imodzi mbali zonse, ndipo kamagwira pachimake penipeni pa kutentha. Magalamu 10 amaphatikizamo ndi mnofu wozizirirapo wa m'mbali, kotero kuti nambala imatsika. Foni imodzi yomweyo ingaonetse nambala ziwiri zosiyana ku Washington ndi ku Paris, popanda wina kunama. Dziko la India, limene kale linkatsata muyeso wa ku Ulaya, linasamukira ku muyeso wa ku America mu September 2012.

Tsono tiyeni tilowe m'chipinda choyesera, pakuti m'menemo ndi m'mene muli zodabwitsa. Palibe munthu wamoyo amene angalole kuti amubaye chipangizo mu ubongo, chifukwa chake amayesera pa chidole. Pakati pa chipindacho pali tebulo, ndipo m'tebulomo mwalowetsedwa chigoba cha pulasitiki cha mutu wa munthu wong'ambidwa pakati, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zitagonekedwa chammbali, zotseguka kumwamba. Chigobacho n'chochindikala mamilimita 2, koma pakhutu 6, kuimira khutu lopanikizidwa ndi foni. M'katimo amathiramo madzi akuya masentimita 15, osakanizidwa ndi shuga ndi mchere, kapena ndi mankhwala ena monga glycol, mwa muyeso wakuti amwe mafunde monga momwe minofu ya m'mutu imamwera; ndipo mmisiri amayamba wayesa madziwo ndi kutentha kwake asanayambe ntchito, popeza madzi akauluka pang'ono shuga amachuluka ndipo nambala zonse zimapotoka. Foni amaimangirira kunsi kwa chigoba, itagunda tsaya la chidole. Pambuyo pake amaipendeketsa madigiri 15, nayesanso. Kumanzere ndi kumanja, pa mtundu uliwonse wa mafunde umene foniyo imatha kutulutsa. Makina ena amene amadziyerekeza kukhala nsanja amailamula kuti ilankhule ndi mphamvu yake yonse, osatsitsa ngakhale pang'ono.

Pamenepo dzanja la loboti limatsitsira m'madzimo kachipangizo kowonda ngati pensulo, kamene kunsonga kwake kuli timilongoti titatu tating'onoting'ono, ndipo limakayendetsa motsatira chigoba, kuima ndi kuyesa, kuima ndi kuyesa, kufikira litapeza pamene mphamvu yaunjikana. Likapeza, limabwerera pomwepo ndi kuyesa mosinja, m'mwamba ndi m'munsi, kuti kompyuta iwerengere galamu imodzi ija kapena magalamu 10 aja. Makina ambiri ochitira ntchitoyi amapangidwa ku Zurich, m'dziko la Switzerland. Nambala yaikulu koposa imene yapezeka m'mayeso onsewo ndiyo imalembedwa m'kabuku ka foni. Ngakhale ndi luso lonseli, malamulo a kayesedwe amavomereza kuti muyeso ungaphonye ndi magawo ofika 30 pa 100 aliwonse, ndipo wogula amene amasankha foni ya 0.9 nasiya ya 1.0 poganiza kuti wapulumuka, wasankha pa kusiyana kumene makinawo sangalumbirire.

Chidole chimenechi chili ndi dzina, SAM, ndipo chili ndi makolo ake: kukula kwa mutu wake kunatengedwa pa miyeso ya asilikali aamuna a ku America ya mu 1988, posankha mutu waukulu kuposa wa amuna 9 mwa 10 aliwonse. Taonani tsono, mafoni a dziko lonse lapansi, a agogo ndi a ana a sukulu, amayesedwa pa mutu wa msilikali mmodzi wojintcha. Ndipo ngakhale makolo athu ponena kuti mutu umodzi susenza denga sankanena za chidole, mwambiwo ukugwa pamalo pake. Om Gandhi wa pa University of Utah anaonetsa mu 1996 kuti m'mutu wa mwana mafunde amalowa mozama poyerekeza ndi kukula kwa ubongo wake, ndipo akatswiri a za khansa amene anasonkhana ku Lyon mu 2011 analemba kuti ubongo wa mwana ungamwe mphamvu yowirikiza kawiri, ndipo mafuta a m'fupa la chigaza chake kufikira kakhumi, kuposa wamkulu. Oikira kumbuyo chidolecho amayankha kuti anachipanga dala kukhala chokokomeza, khutu lake lopyapyala ndi madzi ake okumwa kwambiri, kotero kuti nambala imene chimapereka imaposa imene ingapezeke m'mitu yeniyeni, ya ana yomwe. Ndipo mayeso oyerekeza a pakompyuta ambiri awavomereza. Ngakhale zili tero, ku Britain komiti ya Sir William Stewart inalangiza mu 2000 kuti ana asamaimbe foni popanda chifukwa chenicheni, ndipo dziko la Belgium linaletsa mu 2014 kugulitsa mafoni opangidwira ana osakwana zaka 7.

Chilema chachikulu, m'kuona kwanga, sichinali pamutu koma pathunthu. Kale amuna ankanyamula foni m'kachikwama kapalamba, ndipo malamulo analola kampani kuyesa foni yake italekana ndi thupi la chidole kufikira mamilimita 25, malinga ilembe m'kabuku kuti wogula asunge mpata umenewo. Nanga ndani anawerengapo kabuku kameneko? Foni inachoka palamba, inalowa m'thumba la malaya, m'thumba la buluku, ndipo amayi ambiri amaisunga pachifuwa penipeni. Mu 2015 a ANFR anayesa mafoni atagunda thupi popanda mpata, napeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse anapitirira mawati 2, ndipo imodzi mwa anayi inapitirira mawati 4. Onsewo anali osalakwa pamaso pa lamulo, popeza pa mpata wolembedwa m'kabuku anali kukhoza. Zotsatirazo zinafika poyera pambuyo pa kukakamira kwa dokotala wina wa ku France, Marc Arazi, ndipo kuyambira mu April 2016 ku Ulaya mpata woyesera pathunthu suposa mamilimita 5.

Apa ndi pamene pakuonekera funso la woyesa. Ku Ulaya kampani imadzichitira yokha umboni kuti foni yake yakhoza, niikapo chizindikiro cha CE. Ku America foni imayesedwa m'nyumba zoyesera zimene kampaniyo imalipira, ndipo zikalata zimavomerezedwa ndi mabungwe apadera amene FCC inawapatsa chilolezo. Sindikunena kuti onsewa ndi a miyeso yonyenga. Koma munthu saweruza mlandu wake womwe, ndipo foni ya lero ndi yochenjera, imadziwa ngati ili pakhutu, m'dzanja kapena patebulo, nisintha mphamvu yake molingana. Yankho la Apple mu 2023 linali lomwelo: inati iPhone 12 ikazindikira kuti yagonekedwa pamalo osagwedezeka imayesa kuti ili kutali ndi thupi nikweza mphamvu, ndipo chidole chosapuma chija inachiyesa tebulo. A ANFR sanagonje, anati lamulo silimazindikira chowiringula chotero. Chimene chimasiyanitsa France ndi maiko ambiri n'chakuti antchito a boma amatenga mafoni m'masitolo, monga momwe wogula aliyense angawapezere, nawatumiza kukayesedwa, ndi kufalitsa zotsatira; mwa njira imeneyi mafoni makumi angapo akonzedwa kapena kuchotsedwa pamsika. Ku America nyuzipepala ya Chicago Tribune inachita zofananazo mu 2019 nipeza mafoni ena atapitirira malire, koma FCC itayesanso inati onse ali bwino. Mu August 2021 khoti la apilo la ku Washington linagamula kuti FCC sinafotokoze mokwanira chifukwa chimene inasungira malire a 1996 osawasintha, makamaka pa nkhani ya ana ndi ya kugwiritsa ntchito foni zaka zambiri. Khotilo silinanene kuti malirewo ndi oopsa. Linangofuna zifukwa, ndipo pamenepo ndikuti linachita bwino.

Nanga khansa? Malire onsewa anamangidwa pa kutentha, ndipo pa kutentha palibe chodetsa nkhawa: foni yokhoza mayeso imakweza kutentha kwa ubongo ndi kachigawo kochepa ka digiri imodzi, ndipo kufunda kumene munthu amamva patsaya akacheza nthawi yaitali kumachokera makamaka ku batire ndi ku foni yotsekereza khungu kuti lisapitidwe mphepo. Funso lotsala ndi lakuti kaya mafunde ofooka, pa zaka makumi, angachite china chimene si kutentha. Kafukufuku wamkulu wotchedwa Interphone, wa m'maiko 13, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anafunsa odwala zotupa za mu ubongo zikwi zingapo pamodzi ndi anthu abwinobwino za mmene ankaimbira foni. Mwa onse pamodzi sanapeze kuwonjezeka kwa matenda. Koma mwa gawo limodzi la magawo khumi, la oimba kwambiri, amene anafika maola 1,640 kapena kuposerapo, chotupa chotchedwa glioma chinaoneka chochulukirapo ndi magawo 40 pa 100. Ofufuzawo anachenjeza okha kuti nambalayo njokayikitsa, pakuti munthu wodwala, pofunafuna chimene chinamudwalitsa, amakumbukira mokokomeza, ndipo ena ananena kuti ankaimba maola oposa 12 tsiku lililonse. Ndiponso kafukufuku yemweyo anaonetsa ngati oimba mwapakatikati amadwala mocheperapo kuposa osaimba konse, chinthu chimene palibe anachikhulupirira.

Ndi umboni wotere m'manja, akatswiri 31 a m'maiko 14 anasonkhana ku Lyon mu May 2011 pansi pa IARC, nthambi ya bungwe la zaumoyo la WHO yofufuza za khansa, naika mafunde a wailesi m'gulu 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Gulu limeneli silinena kukula kwa ngozi, limanena kuchepa kwa umboni: kuti pali kachizindikiro kamene sikangatayidwe, komanso sikangatsimikizidwe. Mu 2018 boma la America linamaliza kafukufuku wa madola pafupifupi 30 miliyoni, m'mene makoswe anakhala m'mafunde thupi lonse, maola 9 pa tsiku kwa zaka ziwiri, ena pa mphamvu yofika mawati 6 pa kilogalamu. Makoswe aamuna ena anatuluka zotupa za m'mitsempha ya mtima, ndipo ofufuza anati umboni wake ndi woonekeratu. Koma aakazi sanatero moonekera, ndipo chozunguza mutu n'chakuti aamuna okhala m'mafundewo anakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa anzawo osakhudzidwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zaka zapatsa akatswiri chimene analibe mu 2011. Ku Denmark anatsata olembetsa mafoni oposa 350,000. Ku Britain anatsata amayi pafupifupi 776,000 kwa zaka 14, natulutsa zotsatira mu 2022. Konseko sanapeze kuti oimba foni amadwala zotupa za mu ubongo kuposa anzawo. Mu 2024 gulu lotumidwa ndi WHO, lotsogoleredwa ndi Ken Karipidis wa ku Australia, linasanthula kafukufuku 63 wa pakati pa 1994 ndi 2022, ndipo silinapeze mgwirizano pakati pa foni ndi khansa ya mu ubongo, ngakhale mwa oimba zaka khumi kapena kuposerapo. Umboni umene umandikhutiritsa ine koposa ndi wa m'mabuku a zipatala: m'maiko amene amalemba wodwala khansa aliyense, monga a kumpoto kwa Ulaya ndi Australia, mafoni anachoka pa anthu owerengeka kufika pa aliyense, koma chiwerengero cha zotupa za mu ubongo, poganizira misinkhu ya anthu, sichinakwere motsatira. Alangizi a IARC apempha kuti nkhaniyi iunikidwenso m'zaka zikubwerazi, ndipo n'koyenera kutero. Koma ngozi ikakhalapo, iyenera kukhala yaing'ono kotero kuti yabisala kwa ofufuza zaka makumi atatu.

Pali chinthu china chimene nambala ya m'kabuku siinena, ndipo kwa ife a kuno ndicho chofunika koposa. M'chipinda choyesera foni imakakamizidwa kulankhula ndi mphamvu yake yonse, koma m'moyo wa tsiku ndi tsiku imachita monga munthu woitana mnzake: akakhala pakhonde limodzi amanong'ona, akakhala kutsidya la mtsinje amafuula. Foni ya 2G ingathe kufika mawati 2, ngakhale imatulutsa mafundewo gawo limodzi lokha la magawo 8 a nthawi, kotero kuti pakatikati pake ndi kota ya wati. Koma nsanja ikakhala pafupi, imailamula kutsitsa mphamvuyo kuwirikiza mazanamazana, ndipo mafoni a 3G ndi 4G amadziwa kutsitsa koposa apo. Chotero mayi wa kumudzi amene amakwera pachulu kusaka netiweki, foni ikuonetsa kandodo kamodzi, mutu wake umamwa mafunde ambiri kuposa wa kalaliki wa mumzinda amene nsanja ili kuseri kwa ofesi yake, ngakhale mafoni awo atakhala a mtundu umodzi. Anthu ambiri amaopa nsanja nakonda foni, pamene masamu akunena mosiyana: WHO inalemba mu 2006 kuti mafunde a nsanja amene amafika pamene anthu amayenda ndi kukhala ali pakati pa 0.002 ndi 2 pa 100 aliwonse a malire ovomerezeka. Amene anatentha nsanja ku Britain mu April 2020, pokhulupirira mphekesera yakuti 5G ikufalitsa Covid-19, akanapambana akanangochititsa mafoni a m'dera lawo kufuula kwambiri pamakutu a ana awo.

Wofuna kuchepetsa mafunde pathupi pake safunika kugula kanthu. Mphamvu imagwa msanga ndi mpata, kotero kuti masentimita owerengeka amachita zambiri kuposa kusintha mtundu wa foni: kuika pa laudi, kuvala mahedifoni, kulemba meseji m'malo moimba, kudikira kufika pamene netiweki ili bwino, ndi kusagoneka foni kunsi kwa pilo. Timapepala tomata kumbuyo kwa foni timene amalonda amati timatchinga mafunde n'topanda pake. Bungwe la boma la America loteteza ogula linasumira makampani ogulitsa zotere mu 2002, ndipo chotchinga chikagwiradi ntchito pang'ono, chimangosokoneza netiweki ndi kuchititsa foni kukweza mphamvu. Ndipo tisaiwale kuti ngozi ya foni imene ilibe mkangano ili pamsewu, pakuti WHO imanena kuti woyendetsa galimoto akulankhula pafoni angachite ngozi kuwirikiza pafupifupi kanayi kuposa amene sakutero.

Ku Malawi, kumene mafoni am'manja anayamba ndi TNM pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel nitsatira mu 1999, udindo wovomereza mitundu ya zida zolumikizirana uli m'manja mwa MACRA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 limene linakonzedwanso mu 2016. Ku Zambia kuli ZICTA, ku South Africa kuli ICASA. Loboti ndi chidole chija ndi zida zodula, zofuna amisiri ozidziwa, ndipo mabungwe ambiri a mu Africa amadalira zikalata zochokera ku nyumba zoyesera za kunja. Pa foni yeniyeni ya kampani yodziwika, imene inayesedwera misika ya ku Ulaya, America kapena India, kudalira kumeneku kuli ndi maziko, ndipo tingati wogula wa ku Limbe amadyera nawo khama la oyesa a ku Paris, ngakhale kukonza kwa iPhone 12 kuja poyamba kunatumizidwa kwa a ku France okha. Koma mafoni athu ambiri amalowa m'zikwama za apaulendo ochokera ku Dubai, Guangzhou, Dar es Salaam ndi Johannesburg, ena ogwiritsidwapo kale ntchito, ena osinthidwa ziwalo pabenchi la wokonza, ndipo ena ndi chikomekome cha mkuyu: kunja dzina lotchuka, m'kati zida za wopanga wosadziwika amene sanaonepo chipinda choyesera. Kenya inazimitsa mafoni achinyengo pa netiweki mu 2012, ndipo Tanzania inachita chimodzimodzi mu June 2016, pogwiritsa ntchito nambala ya IMEI imene foni iliyonse imabadwa nayo.

Wogula angathe kudzithandiza pang'ono asanapereke ndalama. Akadina *#06# foni imaonetsa IMEI yake, imene iyenera kufanana ndi yolembedwa pabokosi. Akadina *#07# mafoni ambiri amaonetsa nambala ya SAR ya pamutu ndi ya pathupi, ndipo angaiyerekeze ndi imene kampaniyo inalemba pa tsamba lake la pa intaneti, akukumbukira kuona ngati ndi ya galamu imodzi kapena ya magalamu 10. Nambala ziwirizi zikasiyana ndi za pabokosi kapena za patsamba, foniyo aisiye pomwepo. Zikafanana, wapeza chizindikiro chabwino, koma osati chitsimikizo chonse, pakuti foni siidziyesa yokha pamene munthu wadina manambalawo. Imangoonetsa chimene woipanga analembamo, ndipo wopanga foni yachinyengo amatha kukopera IMEI ndi SAR ya foni yeniyeni monga momwe anakoperera dzina lake.